Za netiweki, za pafoni, kapena geni yakoyako: ndalamayo ichokera m'thumba la ndani?

Mwezi wa Okotobala ku Nchalo munthu savala jekete. Ndiye nditaona mnyamata ali mu suti yathunthu, tayi pakhosi, thukuta lili kamukamu, akulemba manambala pabolodi m'holo ina kufupi ndi msika, ndinadziwa kuti sutiyo ili pantchito kuposa mwini wake. Amene anandiitanira kumeneko ndi msuweni wanga. Sanandiuze kuti ndi za chiyani. Anangoti, "Asuweni, Loweruka musapite kwina, pali mwayi wa bizinesi, mukamva konko." Ndinafunsa kuti bizinesi yake yogulitsa chiyani, iye n'kubwereza kuti ndikamva konko.

Tinamvadi: inali bizinesi ija amati ya netiweki, yolowetsana anthu. Ulipire ndalama yolowera, akupatse katoni ya tiyi, khofi, sopo ndi timabotolo ta mapiritsi. Ukatero upeze anthu awiri, wina mwendo wakumanzere wina wakumanja, nawonso apeze awo, ndipo iwe uzingolandira uli gone. Anationetsa zithunzi za magalimoto ndi za anthu ali ku Dubai. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinatuluka ndi funso limodzi, ndipo ndi lomwe ndakhala ndikuyezera njira zonse zopezera ndalama zimene zimatipeza kuno ku chigwa cha Shire, kaya zabwera ndi wa suti, kaya zabwera pa WhatsApp, kaya ndi zimene agogo athu ankachita kale: ndalama imene ndidzalandireyo ichokera m'thumba la ndani, ndipo mwini thumbalo adzaitulutsa chifukwa chiyani? Ngati akuitulutsa chifukwa akufuna nsomba, sopo kapena kutumiza ndalama kwa mwana wake, imeneyo ndi malonda. Ngati akuitulutsa chifukwa nayenso walonjezedwa kuti adzalandira, pali wina kumapeto kwa mzere amene adzalire.

Zoti "ika pang'ono, ukolole zambiri"

Izi ndiye zosavuta kuweruza, ngakhale ndi zomwe zimadya anthu ambiri. Palibe katundu aliyense. Umaika ndalama, amakuuza kuti pakatha masiku angapo ibwera itaswa. Ena amati akuchita malonda a ndalama zakunja, ena amati akukumba ndalama za pa intaneti, ena amakupatsa ka app koti uzidina zithunzi kapena kuonera timavidiyo, ndipo ukafuna kumalandira zambiri ugule "VIP" yokwererapo.

Maseweredwe ake ndi akale kuposa foni. Mu 1920 ku Boston, m'dziko la America, Charles Ponzi ankalonjeza phindu la 50 peresenti m'masiku 45, akunena kuti akuchita malonda a timapepala togulira masitampa a positi. Zoona zake ankangotenga za olowa lero n'kulipira olowa dzulo, ndipo chaka chomwecho zinaphulika iye n'kumangidwa. Mpaka pano chinyengo chamtunduwu chimadziwika ndi dzina lake. Chapafupi ndi ife panali MMM ya Sergei Mavrodi. Inagwa ku Russia mu 1994 itameza ndalama za anthu miyandamiyanda, koma patapita zaka inadzukanso n'kufika ku South Africa, Zimbabwe ndi Nigeria cha m'ma 2015 ndi 2016, ikulonjeza 30 peresenti pamwezi. Ku Nigeria anatseka maakaunti a anthu mu Disembala 2016, Khirisimasi ili pakhomo.

Tiwerengere limodzi 30 peresentiyo. Mukaika K100,000 n'kumaisiya kuti iziswa mwezi ndi mwezi, pakutha kwa chaka ikhala itapitirira K2,300,000. Pali munda wa nzimbe, khola la ng'ombe kapena golosale kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka imene imaswa chotero? Ndipo munthu amene ali ndi njira yotere angavutikirenji kudzapempha K20,000 ya mayi wogulitsa zitumbuwa pa Dyeratu? Akanangokatenga ngongole kubanki n'kulemera yekha mwakachetechete.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti oyamba amalandiradi. Aphunzitsi aja amene akukuonetsani uthenga wa ndalama pafoni sakunama, ndalamayo inalowadi. Akulu ampingo aja amene akukulimbikitsani si mbava, nawonso akhulupirira. Kulipira oyamba ndiyo nyambo yake, monga momwe msodzi wa ku Elephant Marsh sadandaula ndi kanyongolotsi kamene waika pambedza. Amakulolani kutapa K5,000, kenako K15,000, kufikira mutalimba mtima n'kugulitsa mbuzi. Tsiku limenelo mumamva kuti makina akukonzedwa, kapena kuti mulipire kaye msonkho kuti ndalama ituluke. Mawa lake gulu la pa WhatsApp latsekedwa, nambala ya mkulu uja sikupezekanso.

Ena amaziveka dzina la chiperegani kuti zioneke zakwathu. Koma chiperegani chenicheni timachidziwa: anthu khumi odziwana, aliyense amaponya ndalama yofanana, ndipo chimene mwaponya ndi chomwe mudzalandire tsiku lanu likakwana. Sichiswa. Chikayamba kulonjeza kuti uponya imodzi ulandira zisanu ndi zitatu ukabweretsa anthu awiri, chasanduka china.

Pepala limene amakonda kuonetsa ndi satifiketi yolembetsera kampani kwa Registrar General. Pepala limenelo limangonena kuti dzina la kampaniyo linalembedwa m'kaundula, ngati momwe aliyense angalembetsere okala yake. Chilolezo chosunga kapena kuchulukitsa ndalama za anthu chimachokera ku Reserve Bank of Malawi, ndipo ndi chomwe muyenera kufunsa. Akayamba kuzungulira, kapena kunena kuti iwo ndi a pa intaneti malamulo a kuno sawakhudza, akuuzani kale kuti zikavuta mulibe kokadandaula.

Za netiweki zokhala ndi katundu

Apa ndiye pofunika kudekha, chifukwa si zonse zili zakuba, komanso si zonse zololedwa zili zopindulitsa. Katundu alipo, ofesi ilipo ku Blantyre kapena ku Lilongwe, malisiti amapereka. Umapeza ndalama m'njira ziwiri: kugulitsa katunduyo kwa anthu, ndi kulandira kachigawo pa zimene agula anthu amene unawalowetsa. Nkhani yonse yagona pa kuti mwa ziwirizi, ndi iti imene ikusenza kampaniyo.

Kumene malondawa anayambira anakangana nazo kalekale. Mu 1979 bungwe la boma la America loona za malonda, la FTC, linagamula kuti kampani ya netiweki ya Amway si piramidi, kutanthauza chinyengo chodalira ndalama za olowa kumene, ndipo zina mwa zimene zinaipulumutsa ndi malamulo ake atatu: kampani izigulanso katundu amene wakanika kugulitsidwa, membala azigulitsa 70 peresenti ya katundu amene watenga asanaode wina, ndipo azigulitsa kwa makasitomala enieni osachepera khumi pamwezi. Mu 2016 bungwe lomwelo linagwirizana ndi kampani ya Herbalife kuti ilipire madola 200 miliyoni obwezera anthu, komanso isinthe kalipiridwe kake kuti mphotho izidalira katundu wogulidwa ndi makasitomala enieni osati kulowetsa anthu. Ndatchula izi chifukwa zikutipatsa muyezo wokafunsira m'holo muja. Kodi katoni ikandikanika mudzaitenganso n'kundibwezera ndalama? Kodi ndingapeze phindu osalowetsa munthu ndi m'modzi yemwe? Ndinafunsa funso lachiwirili tsiku lija. Wa suti anaseka n'kunena kuti, "Bambo, muli ndi maganizo a umphawi." Anthu anasekanso. Funso silinayankhidwe.

Tsono muyeze katunduyo ndi msika wathu. Tengani sopo wawoyo mupite naye pa msika wa Ngabu, mumuike pambali pa sopo wa m'golosale, musatchule za kulemera kapena za Dubai. Alipo angamugule pamtengo wakewo, n'kudzabweranso mwezi wamawa? Ngati mtengo wake ukuposa kangapo wa sopo wamba, ndiye kuti ogula ake ndi mamembala okhaokha, amene akugula kuti maina awo asafufutidwe pamndandanda wolandira. Makampani ambiri otere amafuna kuti uzigula katundu wa mlingo wakutiwakuti mwezi uliwonse. Ukatero kasitomala wa kampaniyo ndiwe, ngakhale akukutcha bwana wa bizinesi yako.

Kuchuluka kwa anthu nakonso kuli ndi malire, ndipo kuno malire ake ali pafupi. Tiyerekeze kuti aliyense akuyenera kulowetsa anthu 6. Mzere woyamba ndi anthu 6, wachiwiri 36, wachitatu 216, wachinayi 1,296, wachisanu 7,776. Mzere wa 7 ukufuna anthu 279,936. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 299,168 m'boma lonse la Nsanje, kuphatikizapo makanda ndi nkhalamba. Mzere wa 8 ukufuna anthu 1,679,616, pamene Nsanje ndi Chikwawa, imene inali ndi anthu 564,684, kuziphatikiza sizikwana ngakhale miliyoni. Mzere wa 10 ukuposa anthu 60 miliyoni, Malawi yense wa pa kalembera wa 2018 katatu ndi kupitirira. Nanga mwa anthu a kuno, ndi angati ali ndi ndalama yolowera ili pambali? Aphunzitsi, anamwino, apolisi, ogwira ntchito kukampani ya shuga ndi eni mashopu ochepa. Amenewa amadziwana onse, ndipo wa suti asanafike kwa inu anali atawayendera kale. Pamene nkhani ikufika kumudzi kwanu ku Makhuwira kapena ku Tengani, mipando ya pamwamba inatha kale, chatsala n'kukhala mwendo wa wina.

Palinso ndalama zimene m'holo sazilemba pabolodi. Minibasi yokwera mapiri kupita ku Blantyre kukatenga katundu ndi kukachita nawo misonkhano. Bandulo ya tsiku ndi tsiku. Kabaza woyendera anthu. Zakumwa zogulira amene mukuwanyengerera. Zovala zoti muzioneka ngati zikuyenda. Msuweni wanga atandionetsa uthenga wa bonasi yake yoyamba anali wokondwa kwambiri, koma titakhala pansi ndi pensulo n'kuchotsera zonsezi, tinapeza kuti mwezi umenewo anagwirira ntchito eni minibasi.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi za mankhwala. Kuti katundu wodula agulike kwa anthu osauka, wogulitsa amayamba kumuika mphamvu zimene alibe. Tiyi yemweyo achiza shuga, achiza BP, atsuka m'mimba, apatsa mwana kwa osabereka. Ena amafika ponong'oneza kuti ukamamwa zimenezi ma ARV ukhoza kusiya. Apa sitikukambanso za kuluza ndalama, tikukamba za maliro. Mankhwala m'dziko muno amayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo zakudya ndi katundu wina amaunikidwa ndi Malawi Bureau of Standards. Ndipo nthawi zambiri mukawerenga timalemba tating'ono pabotolopo, kampani yeniyeniyo imakhala italemba kuti ichi ndi chakudya chowonjezera, sichichiza matenda. Bodza limatsala m'kamwa mwa wogulitsa, amene ndi inu, ndipo wodwalayo ndi azakhali anu.

Ndiye palibe amene amapindula? Alipo. Amene analowa koyambirira, wodziwa kuyankhula, wokhala ndi malipiro apamwezi oti angapirire nawo miyezi yopanda kanthu, ndiponso wosachita manyazi kuona anzake akumuthawa pamsewu. Ngati katunduyo ndi wabwino, mtengo wake ndi wofikirika, kulowa n'kotsika mtengo, ndipo simukukakamizidwa kugula mwezi ndi mwezi, mutha kumugulitsa ngati momwe mungagulitsire mafuta odzola alionse, n'kuiwala za miyendo. Koma mukaona kuti pamsonkhano wa maola atatu katundu wakambidwa mphindi khumi, zotsalazo n'za magalimoto, mwadziwa chimene chikugulitsidwa.

Ntchito zoyamba n'kulipira

Izi sindichedwapo. Uthenga umabwera woti pali ntchito yolemba pa kompyuta uli kunyumba, kapena yoti bungwe lina likufuna anthu ogawa chithandizo kwa okhudzidwa ndi madzi osefukira, koma utumize kaye ya fomu, ya yunifolomu kapena ya maphunziro. Kuno zimagwira anthu chifukwa mabungwe amabweradi kukagwa ngozi, ndiye bodza limabisala m'kati mwa zoona. Wolemba ntchito weniweni ndi amene amalipira wantchito. Chimodzimodzi mauthenga oti mwasankhidwa kulandira Mtukula Pakhomo, imbani nambala iyi: maina a Mtukula Pakhomo amalembedwa m'mudzi, masana, anthu akuona, osati ndi munthu wosadziwika wofunsa nambala yanu yachinsinsi.

Abale ake a zimenezi ndi aja oti "gulani mbewu kapena tianapiye kwa ife, zokolola tidzagula tokha pamtengo wabwino." Ulimi wa mgwirizano ulipo ndipo alimi a thonje kuno amaudziwa: ogula amakhala ndi chilolezo cha Cotton Council of Malawi, amadziwika ndi alangizi, ndipo msika umatsegulidwa poyera. Alimi a nzimbe a ku Kasinthula ndi a ku Phata amadziwa fakitale imene nzimbe zawo zimapita. Koma wobwera ndi galimoto yobwereka, amene phindu lake lili pa kukugulitsani mbewuyo, mufunseni kuti chaka chatha anagula kwa yani, ndipo mukamuone mlimiyo ndi maso anu. Safunsa anadya phula.

Kukhala ejenti

Ena amati, "Nanga a Airtel Money ndi a Mpamba aja si netiweki yomweyo? Nawonso amadya komishoni." Ayi, n'zosiyana. Ejenti amalandira komishoni chifukwa munthu wabwera kudzatumiza kapena kudzatapa ndalama, ntchito imene munthuyo akuifuna ndipo adzaifunanso mawa. Salowetsa anthu pansi pake kuti adye. Ndalama ya floti, imene amaika m'foni kuti azigwirira ntchito, imakhalabe yake, akafuna kusiya amaitenga.

Si kuti muli uchi wokhawokha. Komishoni ndi yochepa, imafuna kuti pakhale podutsa anthu ambiri, ndipo m'matauni ngati Nchalo, Ngabu ndi Bangula timatebulo tafika pothithikana. Floti ikachepa mumabweza makasitomala, makamaka masiku a malipiro pamene aliyense akufuna kutapa. Akathyali nawonso amasaka maejenti: uthenga wabodza wooneka ngati ndalama yalowa, foni yonamizira kuti ndi akuofesi, ndalama zachinyengo madzulo kukamada. Cholakwa chimodzi chimadya komishoni ya miyezi iwiri. Komabe kwa munthu wosamala, wolemba m'buku china chilichonse, wokhala pamalo pomwe maejenti ndi ochepa, iyi ndi geni yoonekera poyera, ndipo imayenda bwino ikaphatikizidwa ndi kaokala kapena kutchaja mafoni.

Geni yakale ija

Palibe amene amachititsa msonkhano m'holo kuti akuuzeni za kupikula nsomba. Mulibe suti, muli fungo la utsi ndi kudzuka nkhuku zisanalire. Koma taonani mmene ndalama imayendera. Mayi amapita kudooko, amagula mlamba ndi makakana kwa asodzi, amawamba, amakwera nazo kupita ku Limbe kapena ku Thyolo, kapena amangogulitsa pamsika wapafupi. Wogula akutulutsa ndalama chifukwa kunyumba kukufunika ndiwo. Mawa adzafunanso ndiwo. Palibe amene akuyenera kuluza kuti mayiyu apindule.

Chigwa chathu chili ndi zinthu zimene kumtunda amazifuna. Mbuzi ndi ng'ombe za kuno zimadyedwa ku Blantyre. Chitowe, nandolo, mapira ndi mchewere zimatsika mtengo nthawi yokolola n'kudzakwera miyezi ya njala, ndipo amene ali ndi posunga pabwino ndi mankhwala a anankafumbwe amadyapo. Mpunga wa ku East Bank, wa m'masikimu a Nkhate ndi Muona, uli ndi msika wake. Masau ndi malambe amene ana athu amangotola, m'tauni amagulitsidwa pa kapu. Kutentha kumene timadandaula nako ndi msika wa madzi ozizira ndi mafilizesi kwa amene ali ndi filiji. Kaunjika amayenda nthawi ya thonje ndi masiku a malipiro.

Ndisakunamizeni ngati wa suti uja. Geni izi zimagwa, ndipo kuno zimagwa moopsa. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo kuzimazima kwa magetsi kumene kunatsatira kunasungunula geni ya aliyense wodalira filiji. Freddy mu Malichi 2023 anakokolola mbewu, ziweto ndi misewu, anthu a ku Makhanga n'kukhala ngati ali pachilumba. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo amene anagulitsa katundu pamtengo wakale anapeza kuti ndalama ili m'manja siikwananso kuoda belo lina. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, boma limaletsa kuyendetsa ziweto, mbuzi zanu n'kukhala m'khola pamene fizi ikufunika. Ndipo pali chilombo chimene chimadya geni zambiri kuposa madzi osefukira: ngongole za achibale. "Mlamu, ndipatseni kaye, ndidzapereka pa 30." Pa 30 pake sipafika.

Kusiyana kwake kuli pa zimene mumatsala nazo zinthu zikavuta. Tiyerekeze anthu atatu, aliyense ali ndi K150,000. Woyamba waika mu app ya pafoni. Ikatsekedwa watsala ndi zithunzi za mauthenga. Wachiwiri walowa za netiweki. Zikakanika watsala ndi katoni ya tiyi amene palibe akumufuna, ndi abale atatu amene anawalowetsa, omwe tsopano samuyankha moni. Wachitatu wagula mbuzi zazikazi, kapena wayamba kupikula nsomba. Mwina imodzi yafa, mwina ulendo wina nsomba zaphwanyika m'dengu. Watsala ndi mbuzi zinazo, akudziwa asodzi, akudziwa mitengo, akudziwa kuti ulendo wina adzapakira bwanji. Kuluza kwake kwamuphunzitsa ntchito imene angaigwirenso. Awiri oyamba aja aphunzira kuti anapusitsidwa, basi.

Phindu la geni yotere ndi laling'ono ndipo limabwera mochedwa, n'chifukwa chake achinyamata amaiona ngati ya anthu osaphunzira. Mnyamata wa MSCE amene wakhala zaka zitatu osapeza ntchito akamva kuti akhala "dayilekita" pakutha kwa chaka, mtima umagunda. Sindimuweruza. Amene amapanga zinthuzi amadziwa bwino lomwe kuti chimene akugulitsa ndi ulemu, ndipo ulemu ndi umene ukusowa kwa munthu amene akupemphabe ya sopo kwa amayi ake. Ndi chifukwa chake amayamba n'kunyoza ntchito yolembedwa ndi geni zazing'ono, kuti mukatuluka m'holomo muzichita manyazi ndi dengu la amayi anu, lomwe linakulipirirani sukulu.

Mpamba wake mukautenga kuti

Nkhani iyi imakula chifukwa cha kumene ndalama yolowera imachokera. Ochepa amakhala nayo m'thumba. Ambiri amakatenga ku banki mkhonde. Banki mkhonde payokha ndi chinthu chabwino kwambiri chimene chinafika m'midzi mwathu: mumagula masheya, mumabwerekana, chiwongola dzanja chimabwerera kwa inu nomwe pogawana kumapeto kwa chaka, ndipo bokosi lili ndi maloko atatu makiyi ake ali kwa anthu atatu. Koma inapangidwira ngongole ya geni imene imazungulira msanga. Munthu akabwereka n'kukaika mu app, app ikagwa, chiwongola dzanja sichiima. Amakabwereka kugulu lina kuti atseke loyamba, kenako kwa wa katapila, kenako gulu limabwera kudzazula malata. Choopsa kwambiri ndi pamene gulu lonse lagwirizana kuika bokosi lathunthu kuti "liswe" asanagawane mu Disembala. Pamenepo mudzi wonse umalowa m'nyengo yobzala wopanda mbewu.

Ngati chinthu simungachilowe ndi ndalama imene mungapirire itatayika, musachilowe ndi yobwereka. Ndipo amene akukuuzani kuti mukabwereke, mugulitse njinga, kapena musawauze amuna anu kapena akazi anu mpaka phindu litabwera, ameneyo akudziwa kuti munthu wachiwiri akamva afunsa mafunso. Changu nachonso n'chizindikiro. "Mipata yatsala itatu, lero ndi lomaliza." Msika wa mbuzi pa Ngabu sunathepo chifukwa munthu wapita kukaganiza sabata imodzi.

Amene akufuna posunga ndalama kuti izikula pang'onopang'ono, ma SACCO, mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama kwa mamembala awo, alipo ndipo amayang'aniridwa ndi Reserve Bank, mabanki aliponso pa Nchalo ndi pa boma. Chiwongola dzanja chake sichidzakugulirani galimoto, ndipo nthawi zina chimapitiriridwa ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu. N'chifukwa chake anthu akuno amasunga chuma m'khola, ndipo sindinganene kuti akulakwa.

Ngati munalowa kale

Musaonjezere ina kuti mupulumutse yoyamba. Akati lipirani msonkho kuti ndalama ituluke, imeneyonso ikupita. Sungani mauthenga onse, manambala amene munatumizako ndi malisiti. Kanenani kupolisi, ndipo ngati ndalama inadutsa pafoni dziwitsani kampani ya foniyo msanga, chifukwa manambala masiku ano amalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Za kampani yosunga ndalama za anthu popanda chilolezo ndi nkhani ya Reserve Bank, ndipo za malonda onyenga ogula zimapita ku Competition and Fair Trading Commission. Kunena zoona, ndalama zotere sizibwerera kawirikawiri. Koma mbewa ya manyazi inafera kudzenje, ndipo kukhala chete kwanu ndi kumene kumapatsa mpata anthu omwewo kukatsegula gulu lina ku Bangula ndi dzina latsopano. Chenjeraninso ndi amene adzakuimbireni kuti angakuthandizeni kubweza ndalama zanu mukawapatsa kangachepe. Kawirikawiri amakhala omwewo, chifukwa mndandanda wa maina ali nawo ndi iwo.

Chovuta kwambiri ndi kupita kwa amene munawalowetsa. Msuweni wanga analowetsa anthu awiri: mnzake wa kukwaya ndi mlamu wake. Anakhala miyezi akuzemba njira yodutsa pakhomo pa mlamuyo. Tsiku lina amayi ake anamuitana n'kumuuza kuti, "Mwanawe, ngongole ya ndalama imatha, koma ukapitiriza kuthawa, pamaliro anga mudzakhala moyang'ana kumbali." Anapita, anapepesa, anagwirizana kuti azibweza theka pang'onopang'ono. Wa kukwaya uja anakana kumva, anati iye zikumuyendera ndipo msuweni wangayo ndi amene anafooka msanga. Mpaka lero akuitanabe anthu ku misonkhano ya Loweruka.

Katoni ija ikadali pamwamba pa kabati kwa azakhali. Sopo anasambira, khofi anamwetsa alendo, mapiritsi anapitirira masiku ake ndipo tinakataya m'chimbudzi kuti ana asawatole. Msuweni wanga pano amakwera minibasi ya m'bandakucha kawiri pasabata ndi madengu awiri a mlamba wowamba. Mwezi watha anamaliza kubweza za mlamu wake, ndipo akuti ikakwana ina agula dengu lachitatu.